Mafunso a ophunzira psychology: maganizo, khalidwe ndi kukhumudwa

Mafunso a ulendo uno achokera kwa achinyamata amene akuphunzira psychology pa digiri yawo yoyamba kuyunivesite. Ndawafupikitsa, koma mfundo zake sindinasinthe.

"Ndili m'chaka choyamba. Achibale akandifunsa zomwe ndikuphunzira ndimasowa chonena. Tsiku lina ndinati ndi maphunziro a maganizo, ndiye azakhali anga anati, 'Tandiuzatu zomwe ndikuganiza panopa.' Ndizinena kuti chiyani?"

Azakhali anuwo anamva bwinobwino zimene munanena. Pa Chichewa, maganizo ndi zomwe zili m'mutu mwa munthu pa nthawiyo, kapena mbali imene waima pa nkhani inayake. N'chifukwa chake timati "maganizo anga ndi akuti tidikire" kapena "wasintha maganizo". Ndiye mukati mukuphunzira maganizo, womvera amaona ngati mukuphunzira kuwerenga za mumtima mwa anzanu.

Chimene mukuphunzira inu ndi mmene munthu amaganizira, osati zimene akuganiza. Pamenepa Chichewa chili ndi njira yake yokongola kwambiri. Timaika ka- kumayambiriro kwa mneni, kenako -idwe kapena -edwe kumapeto, ndipo timapeza dzina lonena za mmene chinthu chimachitikira. Kuganiza kumapereka kaganizidwe, kuchita kachitidwe, kukula kakulidwe. Ngati tsinde la mneni lili ndi e kapena o, timamaliza ndi -edwe: kuona kaonedwe, kuyenda kayendedwe, kugona kagonedwe. Palibe amene anakuphunzitsani lamuloli, koma khutu lanu likana lokha mukanena kuti "kaonidwe".

Choncho auzeni azakhaliwo kuti mukuphunzira za kaganizidwe ndi kachitidwe ka munthu. Mawuwa ndi ataliko, koma akunena zoona. Pamene katswiri wina, Wilhelm Wundt, anatsegula chipinda choyamba chofufuzira za psychology mumzinda wa Leipzig ku Germany m'chaka cha 1879, ophunzira ake sankalosera za m'mutu mwa anthu. Mwa zina, ankayeza nthawi imene imadutsa kuchokera pamene munthu wamva kulira kwa chinthu kufika pamene wachitapo kanthu. Ameneyo ndiye kaganizidwe ndi kachitidwe. Pocheza wamba mungangoti "ndikuphunzira zamaganizo", poti mawuwa anazolowereka kale, monga timanenera zaumoyo ndi zaulimi.

Chenjerani ndi mgwirizano wa mawu. Ndimaona ophunzira ambiri akulemba "kaganizidwe yake" kapena "kachitidwe cha ana". Maina amenewa amayenda ndi ka mpaka kumapeto: kaganizidwe kake kasintha, kakulidwe ka mwana n'kodabwitsa.

"Potanthauzira behaviour ndimalemba khalidwe. Mnzanga akuti ndikulakwitsa. Kodi akunena zoona?"

Nthawi zambiri akunena zoona. Khalidwe limabwera ndi chiweruzo. Tikati mwana alibe khalidwe, tamudzudzula; tikati ndi wamakhalidwe, tamuyamikira. Koma m'kalasi mwanu mukukamba za chilichonse chimene munthu kapena nyama imachita chomwe chingaonedwe ndi kuyezedwa, chabwino kapena choipa osachiganizira n'komwe. Agalu a Ivan Pavlov, katswiri wa ku Russia uja amene ankafufuza za kagayidwe ka chakudya m'mimba, anayamba kuchucha dovu akangomva chizindikiro chimene chinkabwera chakudya chisanafike. Palibe Mchewa anganene kuti agaluwo anali ndi khalidwe lochucha dovu. Lembani kachitidwe, kapena zochita. Khalidwe lisungireni pamene mukukamba za chibadwa cha munthu chimene chakhazikika, monga kufatsa kapena kupsa mtima msanga.

"Tapatsidwa ntchito yokonza mafunso a kafukufuku m'Chichewa. Mawu akuti depression ndawalemba kuti kukhumudwa. Anthu onse amene ndawayesa mafunsowa akuyankha kuti inde, anakhumudwapo. Vuto lili pati?"

Funso ili ndi limene landikhudza kwambiri, chifukwa kulakwitsa mawu pano kungachititse kuti munthu wodwala asaoneke, kapena wabwinobwino aoneke wodwala.

Anthuwo akukuyankhani moona. Ndani sanakhumudwepo? Kukhumudwa kwenikweni ndi kugunda phazi pamwala uli pa ulendo, ndipo tanthauzo la mumtimali linachokera pomwepo: chinthu chakugunda, wamva kuwawa, koma ulendo ukupitirira. Munthu amakhumudwa mnzake akapanda kusunga lonjezo, mawa lake n'kumaseka. Zimene mabuku anu akunena ndi zina. Ndi matenda amene amamugwira munthu pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Zinthu zimene ankasangalala nazo sizimukomanso, tulo timavuta kapena timachuluka, chakudya sichilowa, thupi limangofooka, ndipo ena amafika podziona ngati achabechabe.

Mvetserani mmene odwalawo amanenera okha. Kawirikawiri simudzamva "ndakhumudwa". Mudzamva "maganizo andichulukira", "ndikungoganiza kwambiri", "mtima sukukhala m'malo", "mutu ukundilemera". Wina amangoti "sindikudzimva bwino" akuyang'ana pansi. Si Achewa okha amene amayankhula motere. Buku lofotokoza matenda a maganizo lotchedwa DSM-5, lomwe bungwe la madokotala a matendawa ku America (American Psychiatric Association) linatulutsa mu 2013, linaikamo mawu a Chishona akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso, ngati njira imodzi imene anthu amafotokozera kuvutika kwa mumtima.

Pa dzina la matendawa, ine ndimakonda "matenda ovutika maganizo". Koma pa mafunso anu musadalire dzina. Funsani chizindikiro chimodzichimodzi, ndipo mutchule nthawi: "Pa milungu iwiri yapitayi, kodi mwakhala mukusowa tulo chifukwa cha maganizo?" "Kodi zinthu zimene munkakonda zasiya kukusangalatsani?" Mukamaliza, mpatseni munthu wina amene sanaone Chingerezi chake kuti akuuzeni zomwe wamva pa funso lililonse.

Ndiponso musalembe misala ngati dzina la mavuto onse a m'maganizo. Mawuwa amabweretsa chithunzi cha munthu wong'ambika zovala amene akuyankhula yekha pamsewu, ndipo mayi amene akusowa tulo ndi nkhawa akangowamva amatseka pakamwa, sayankhanso. Nenani kuti munthu amene akudwala matenda a maganizo. Umunthu wake ukhale patsogolo, matenda pambuyo. Kwa amene mumafunsa za kalembedwe, wamisala amalembedwa pamodzi chifukwa akufotokoza munthu, monga wanzeru, pamene "zizindikiro za misala" timalekanitsa. Kulemba bwino mawuwa sikuchotsa ululu wake.

"Ndikamaliza digiri yangayi, kodi anthu azinditchula kuti dokotala wa maganizo?"

Ayi, ndipo akayamba kutero muwakonze mwaulemu. Dokotala wa matenda a maganizo, amene pa Chingerezi amati psychiatrist, amayamba waphunzira udokotala wonse, kenako n'kupitiriza ndi matenda amenewa, ndipo amalemba mankhwala. Katswiri wa zamaganizo amene amathandiza odwala pokambirana nawo amafunika maphunziro ena apamwamba ndiponso kugwira ntchito moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha. Ntchito yomvetsera ndi kuthandiza munthu kupeza njira pa vuto lake timaitcha uphungu, ndipo woichita ndi phungu kapena mlangizi, ngakhale kuti mlangizi amamveka ngati wouza munthu zochita pamene phungu wophunzira bwino amamvetsera kwambiri kuposa kuyankhula. Inu mukamaliza, nenani kuti muli ndi digiri ya zamaganizo.