Pathupi pa zaka 39: yambani sikelo sabata ino

Achemwali, mwati muli ndi zaka 39, pathupi ndi pa miyezi iwiri, ana anayi onse munachira bwinobwino, ndipo apongozi akuti ntchembere ngati inu isathamangire sikelo mimba isanaoneke. Apa ndiwatsutsa mwaulemu apongoziwo. Pitani sabata ino.

Mtima m'malo, amayi ambiri a msinkhu wanu amachira bwino, mwana ali wathanzi. Kungoti thupi lanu lero si lija munaberekera chisamba. Kuyambira zaka 35, shuga ndi BP yobwera ndi pathupi zimagwira amayi ambiri kuposa a zaka za m'ma 20. Imene imandiopsa ine ndi BP, chifukwa imakwera mwiniwake osamva chilichonse. Ikafika poipa mayi amagwa ngati wakhunyu, mwana sakula bwino m'mimba kapena amabadwa masiku asanakwane. Anamwino amaigwira msanga akamakuyezani BP ulendo uliwonse, komanso mkodzo. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mayi aonedwe kusikelo maulendo osachepera 8, woyamba masabata 12 asanathe, ndiye simunachedwe.

Mukamva mutu waukulu wosamva mankhwala, m'maso kuchita chidima, nkhope ndi manja kutupa, kupweteka m'munsi mwa nthiti, kapena mukaona magazi, musadikire tsiku la sikelo. Ngakhale usiku, nyamukani.

Za Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa mwana kukula ndi kuphunzira) zimene mwafunsazo, n'zoona kuti zimachuluka ndi msinkhu. Pa zaka 40 ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 alionse, enawo amabadwa alibe vutoli. Pemphani sikani masabata 24 asanakwane, mudziwe masiku enieni komanso ngati ndi mapasa, poti nawonso amachuluka pa msinkhu umenewu.

Chinanso chimene ntchembere timachipeputsa: chiberekero chimene chabereka kangapo nthawi zina chimachedwa kubwerera mwana akabadwa, mayi n'kutaya magazi ambiri. Funsani anamwino ngati kuli bwino kuti mukachirire kuchipatala chachikulu cha boma, komwe kuli magazi ndi opaleshoni, ndipo ya thiransipoti yambani kusunga panopa.

Mapiritsi owonjezera magazi imwani tsiku lililonse, gonani m'masikito. Ulendo woyambawu mupite ndi bambo akunyumba, amve okha kwa anamwino, kuti zokambirana ndi amayi awo zikhale zawo.