Akupatsani kope, musalibweze

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene walowa kumene m'gulu la anthu odzipereka pothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Akuti tsiku loyamba anzake onse analandira zipewa zolimba, zingwe ndi majekete oyandamitsa pamadzi, koma iye anamupatsa kope, bolopeni ndi mpando pambali pa mkulu wa gulu. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi si kundiderera kumeneku poti mkazi ndilipo ndekha m'gulumu? Ndikane?"

Achemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mundipirire, ndilankhula zambiri.

Mwina mwaganiza zoona. Alipo akuluakulu a magulu amene akaona mkazi amangoona mlembi, ndipo khalidwe limeneli limandinyansa. Koma ngati anafuna kukuikani pakona, ndiye kuti sakudziwa chimene akupatsanicho.

Inenso ndinalowa ntchitoyi mtima uli pa boti ndi chingwe. Madzi atasefukira chaka china, gulu lathu linakhazikitsa malo oyendetsera ntchito m'holo ina, jenereta ikulira panja, mapu atamatidwa pakhoma. Usiku woyamba panalibe wolemba. Mkulu wathu, munthu wodziwa ntchito ndithu, anali ndi mafoni awiri m'manja, wailesi yolankhulirana ili m'khosi, zonse akusunga m'mutu. Uthenga woti pali anthu pamtengo unabwera kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, aliyense akufotokoza malowo mwa njira yake, uyu akuti pafupi ndi mlatho, uyo akuti kumunsi kwa thanki ya madzi. Boti linapita n'kuwatenga. Gulu losinthana nafe litalowa pakati pa usiku, linamva za "anthu a kumunsi kwa thanki" n'kutumizanso boti lomwelo, mumdima, pamadzi odzaza zitsa ndi mawaya, kukafuna anthu amene nthawi imeneyo anali atafunda kale mabulangete m'holo momwemo. Uku zikuchitika izi, banja lina linachezera padenga mpaka kunja kutacha. Uthenga wawo unafika ndithu. Mnyamata amene anaulandira anaulemba padzanja, anauza mkulu pakamwa, mkulu anagwedeza mutu ali pafoni ina, mnyamata uja n'kupita kukagona. Anapulumuka onse, tithokoze Mulungu, koma mayi wa m'banjamo atafika m'holo sanayankhule ndi wina aliyense wa ife, ndipo sindingawaimbe mlandu.

M'mawa mwake kunabwera abambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene miyendo yawo sinkawalolanso kukwera boti. Anapempha tebulo. Anatulutsa kope la chikuto cholimba, ndipo asanalembe kalikonse anayamba aika manambala pa masamba onse, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ife tikuwayang'ana ngati akutaya nthawi. Kenako anajambula mizere ndi rula: nthawi, wanena ndani, wanena chiyani, tagamula zotani, zatha kapena ayi. Anavula wotchi n'kuiika patsogolo pawo. Uthenga uliwonse unkalandira nambala yake, moti m'malo mwa "anthu a kuthanki aja" tinayamba kunena "nambala 23". Mzere womalizawo sankauchonga pongomva mphekesera, ankadikira woyendetsa boti mwiniwake anene kuti tawatenga, alipo mwakuti. Ndipo anali ndi kachizolowezi kamene kankamuwawa mkulu wathu. Akangolamula kanthu, abambowa ankamugwira mkono wa malaya: "Bwana, mwati boti lipite kumpoto, osati kumadzulo. Chifukwa?" Mkulu ankayankha mokalipa, iwo n'kulemba. Ndinadzionera ndekha mkulu uja akuyamba kufotokoza chifukwa, n'kuima pakati, n'kusintha lamulo, chifukwa atalinena mokweza anamva yekha kuti silikumveka.

Madzi ataphwa kunabwera wina wochokera ku ofesi, nsapato zake zopanda thope n'kamodzi komwe. Anapempha kuti kope lija likoperedwe "mwaukhondo" pakompyuta ndipo lenilenilo alisunge iye. Tonse tinkadziwa tsamba limene linkamusowetsa tulo, lija losonyeza ola limene tinapempha mafuta a boti ndi ola limene anafika. Aphunzitsi aja anamupatsa fotokope, kope n'kulipereka kwa mkulu wa gulu pamaso pa mboni, mboni zija n'kusayina.

Apa ndiye sindinyengerera. Munthu aliyense amene akupempheni kuti mulembenso bwino zimene munalemba pa nthawi ya ngozi, kaya akumwetulira chotani, si mnzanu. Kope loona limakhala ndi madontho a mvula, zilembo zopotoka, ndi mizere yodula mawu olakwika. Likakhala loyera mbee, ine ndimayamba kukayikira. Kumbukirani za bwalo la mpira la Hillsborough mumzinda wa Sheffield, pa 15 Epulo 1989, pamene otsatira timu ya Liverpool anapanikizana, ngozi imene inapha anthu 96, chiwerengero chimene pambuyo pake chinafika 97. Mkulu wa apolisi ndiye analamula kuti geti litsegulidwe, koma nkhani imene inatuluka inali yoti ochemerera analithyola. Gulu lofufuza loima palokha linapeza mu 2012 kuti zikalata 164 za umboni zinasinthidwa, ndipo mu 116 mwa izo munachotsedwa mawu oipitsa apolisi. Mpaka mu 2016, patadutsa zaka 27, m'pamene bwalo lofufuza za imfa zawo linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi malamulo ndipo ochemerera analibe mlandu. Mlandu suola, n'zoona, koma makolo ambiri anamwalira akudikira, ndipo chimene chinathandiza otsalawo ndi chakuti mapepala oyambirira aja anapezeka, n'kutheka kuwayerekeza ndi osinthidwawo.

Anthu amaganiza kuti zolembalembazi anaziyambitsa anthu a m'maofesi osowa chochita. Ayi ndithu, dongosolo lake lamakono analiyambitsa ozimitsa moto. Mu 1970 moto wolusa unayaka ku California kwa masiku 13, anthu 16 anafa, nyumba zoposa 700 zinapsa. Pounika pambuyo pake anaona kuti magulu osiyanasiyana sankamvana: mawu osiyana, mawailesi osalumikizana, osadziwa kuti wapita kuti ndani. Apa m'pamene panabadwira pulogalamu ya FIRESCOPE, imene inabala dongosolo loyendetsera ntchito pa ngozi lotchedwa Incident Command System (ICS), lomwe America inalitenga kukhala la dziko lonse mu 2004 ndipo mayiko ena ambiri anatengerako. M'dongosolo limeneli mtsogoleri mmodzi amayang'anira anthu apakati pa atatu ndi asanu ndi awiri basi, ndipo pansi pa gawo lokonza mapulani pali kagulu kamene ntchito yake yonse ndi kusunga zolemba. Pali fomu ya ICS 211 yolembapo aliyense wofika pamalo angozi, ndi ya ICS 214 yolembapo zochitika ola ndi ola. Yoyambayo anthu amaipeputsa, koma khoma likagwa kachiwiri, ndi pepala lokhalo limene linganene kuti mkatimo muli opulumutsa angati.

Ndikudziwa kuti wina m'gulu lanu anena kuti makope ndi zachikale, pali matabuleti, pali gulu la WhatsApp. Sindidana ndi makina. Koma WhatsApp si kaundula. Uthenga wofunika umakwiririka pansi pa zithunzi ndi mawu ojambulidwa amene palibe ali ndi mpata wowamvetsera, munthu atha kufufuta chimene analemba, ndipo pa namondwe chinthu choyamba kufa ndi magetsi ndi netiweki. Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi mayina a anthu ovulala, zithunzi za ana ndi manambala a mafoni zikungotumizidwa uku ndi uku, mawa lake zili pa Facebook, mwina abale asanauzidwe n'komwe. Mlembi wabwino amadziwanso chimene sichiyenera kuchoka patebulo pake.

Komanso musaganize kuti vutoli ndi la magulu osauka okha. Pa 14 Juni 2017 nyumba yosanjikizana ka 24 ya Grenfell Tower ku London inapsa, anthu 72 anafa. Foni yoyamba inalowa 12:54 usiku, ndipo langizo loti anthu akhale m'zipinda zawo linasinthidwa 2:47. Lipoti la kafukufuku la mu 2019 linasonyeza kuti mauthenga a anthu otsekeredwa, amene ankaimba foni akutchula nambala ya chipinda, ankadutsa pa tizidutswa ta mapepala, pa mabolodi, mwinanso kulembedwa pakhoma, ndipo panalibe njira yodalirika yobwezera mawu kwa olandira mafoni kuti chipinda chakuti afikako kapena ayi. Ndi mzere womaliza uja wa aphunzitsi athu, "zatha kapena ayi", umene unasowa, mumzinda wolemera chonchija.

Ngakhale a chingwe amene mukuwasirirawo nawonso ndi alembi. Mukaona zithunzi za mzinda wa New Orleans pambuyo pa namondwe Katrina mu 2005, muona chilembo chachikulu cha X chopopera ndi penti pa nyumba zambiri. Pamwamba pake ankalemba tsiku, kumanzere gulu limene lafufuza, kumanja zoopsa zimene apeza, pansi chiwerengero cha anthu opezeka mkatimo. Cholinga chake n'chakuti gulu lobwera pambuyo lisathyolenso chitseko chomwecho nyumba ina ili chidikirire.

Nanga mulembe chiyani?

Nthawi poyamba, nthawi zonse, ndipo wotchi yanu igwirizane ndi ya mkulu ntchito isanayambe. Siyanitsani chimene mwaona ndi chimene mwauzidwa, ndipo mutchule wokuuzaniyo. Chofunika kuposa zonse ndi ziganizo za mkulu: wagamula chiyani, ankadziwa zotani pa ola limenelo, ndi njira ziti anazikana. Ofufuza amabwera akudziwa kale mapeto a nkhani, ndipo chimene chimateteza mtsogoleri woona mtima ndi tsamba losonyeza zochepa zimene iye ankadziwa pa 3 koloko usiku. Kugamula kuti tisachite kanthu nakonso ndi chiganizo, chilembedwe. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi mawuwo aziwerengekabe, ikani zilembo za dzina lanu pambali, osang'amba tsamba, osapaka chofufutira. Mukakumbukira kanthu mochedwa, kalembeni pansi ndi nthawi imene mwakumbukirayo, osakalowetsa pakati. Bolopeni mukhale nazo zingapo, pensulo ya pamene pepala lanyowa, ndi thumba lapulasitiki. Posinthana, muwerengereni wolowayo nambala zonse zosatseka, pamaso, musanavule nsapato.

Tsono kukana, musakane. Landirani kopelo, koma mukauze mkulu wanu zinthu ziwiri. China, kuti ulembi uzisinthana, aliyense m'gulumo aulawe, amuna omwe, chifukwa gulu lokhala ndi mlembi mmodzi limasanduka lopanda mlembi tsiku limene iye wadwala. Chinacho, kuti maphunziro a chingwe ndi boti muchite nawo ngati wina aliyense, ndipo dzina lanu likhale pa ndandanda wa opita kumadzi. Akavomera, muli m'gulu labwino. Akakana zonse ziwiri popanda chifukwa chomveka, ndiye kuti maganizo anu aja anali oona, ndipo mundilemberenso tikambirane za kupeza gulu lina.