Yambani ndi Golodi, Nyika ibwere pambuyo

Achimwene, takulandirani ku Mzuzu. Mwati mwangosamukira kuno kuchokera ku Blantyre chifukwa cha ntchito, galimoto mulibe, mpata mumaupeza Loweruka ndi Lamulungu lokha, ndiye mukufunsa koyambira kukwera mapiri. Anzathu ena akuyankhani kale kuti pitani ku Nyika. Sananame, Nyika ndi yokongola zedi, koma ine ndikuti muisungire tsiku lina. Yambani ndi msewu wa Golodi, kuchoka pa Chitimba mpaka ku Livingstonia, wapansi.

Chimene ndimaukondera ulendo umenewu n'chakuti sutopetsa miyendo yokha, umakupatsanso mafunso. Pali mapiri ena amene ukakwera umangoona patali, n'kujambulitsa, n'kutsika. Golodi ayi. Paliponse pamene ungaime pali chinthu chimene munthu wina anachita kalekale, ndipo pafupi pomwepo pali wina woti akufotokozere ukamufunsa mwaulemu.

Lawirirani Loweruka m'mamawa pa depoti, mukwere minibasi ya ku Karonga, muuze kondakitala kuti mutsikira pa Chitimba. Ngati n'kotheka khalani pawindo. Mudutsa Ekwendeni, pamene panakhazikitsidwa mishoni mu 1889, kenako Enukweni, Bwengu pamene pamapatukira msewu wa ku Rumphi, ndiye chigwa cha Henga mbali ya ku Phwezi. Kutsogoloko kuli mlatho wa nsungwi wa pa Kandewe, wolenjekeka pamwamba pa mtsinje wa South Rukuru, umene eni dera amati unayamba mu 1904 ndipo akhala akuulukanso mibadwo yonseyi. Minibasi siyikudikirani, choncho umenewo muuike pa ulendo wina, koma musauiwale. Mukayamba kutsetsereka pa Chiweta, pamene anyani amakhala m'mbali mwa msewu osaopa galimoto, nyanja idzangoti mbee kutsogolo kwanu. Werengerani maola atatu, poti minibasi imaima paliponse.

Pa Chitimba gulani nthochi, mtedza ndi madzi okwanira, malita awiri kapena atatu, chifukwa kunyanja kumatentha mosiyana kwambiri ndi kuno ku Mzuzu. Chikwezacho ndi makilomita pafupifupi 15, ndipo msewu umapindika makona 20 akuthwa. Livingstonia ali pamwamba pa nyanja ndi mamita pafupifupi 900. Munthu woyenda mosathamanga amatha maola anayi kapena asanu. Anyamata a m'deramo amadziwa njira zodulira makona, ndipo mukafuna wokuperekezani mugwirizane mtengo musananyamuke. Koma ulendo woyamba ndikadakonda mutsate msewu womwewo. Njira zodulira n'zoimirira, maso amangokhala pansi kuopa kuterereka, pamene mu msewu mumatha kucheuka pa kona iliyonse n'kuona nyanja ikukula kumbuyo kwanu, mabwato akucheperachepera, ndipo kukakhala kopanda chifunga mapiri a ku Tanzania amaoneka kutsidya. Nthawi zina mudzaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa madzi. Si moto umenewo, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswana m'nyanjamo, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo. Tsiku loyamba kuziona ndinaima nthawi yaitali, mpaka mayi wina amene ankatsika ndi dengu pamutu anandifotokozera.

Pamenepa pali phunziro limene ndikufuna mulitenge musananyamuke. Mukulowa m'dera la Atumbuka ndi Aphoka. Chichewa amamva, koma mukayamba ndi "Monire" kapena "Muli uli?" n'kumaliza ndi "Yewo", nkhope ya munthu imamasuka, ndipo zimene akanakuuzani mawu awiri amakuuzani nkhani yonse. Musadutse akuluakulu osapereka moni, ngakhale mukupuma movutikira. Musajambule munthu kapena nyumba yake musanapemphe. Ana akakutsatirani, chezani nawo, afunseni mayina a mitengo. Amadziwa zambiri.

Mukatsala makilomita anayi kuti mufike ku mishoni ya Livingstonia, mupatuke kukaona mathithi a Manchewe. Madzi amagwa mamita 125, ndiwo mathithi aatali kuposa onse m'dziko muno. Ambiri amaima pamwamba, kusuzumira, n'kubwerera. Inu musatero. Pemphani wina akutsogolereni ku phanga limene lili kuseri kwa madziwo. Kanjira kake n'koterera ndipo pena mumagwira mizu ya mitengo, ndiye ngati mvula yagwa kumene musakakamize. M'phanga limenelo ndimo anthu a m'derali ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Ukakhala m'katimo, madzi akuwomba kutsogolo kwako moti mnzako sungamumve, umayamba kudzifunsa kuti mayi wa mwana wakhanda ankakhalamo bwanji usiku wonse, ankaphika pati, ankadziwa bwanji kuti adani apita. Ine ndinatulukamo chete, ndipo mpaka lero ndikamva mawu akuti kuthawa nkhondo ndimakumbukira kuzizira kwa mwala umenewo.

Ku Livingstonia, kumene eni ake amati ku Khondowe, muyenera kugonako. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, ena pafupi ndi Manchewe, ena ku mishoni komweko, ndipo ndi bwino kuimbiratu foni. Lamulungu m'mawa muyende pang'onopang'ono. Amishoni a ku Scotland anayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anadzakhazikika pamwamba pamenepa pofuna mphepo yabwino. Nyumba yake ya miyala, Stone House, tsopano imasunga zinthu zakale. Lowani, muwerenge makalata ndi kuona zithunzi, musathamange. Sukulu ya pamenepa inaphunzitsa anthu amene anagwedeza maiko, monga Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, ndi Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Ndikaganiza kuti anyamata a nthawi imeneyo ankafika pamwamba pamenepa wapansi, katundu pamutu, kudzafuna maphunziro, chikweza chimene ndakwera dzulo lake chimakhala ndi tanthauzo lina.

Mufunsenso za miyala yolembedwa pansi pafupi ndi Stone House. Mu 1959, boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti m'dziko, ndege inadzaponya uthenga wofunsa azungu a pa mishoni ngati akufuna kuchotsedwapo. Iwo anayankha poyala miyala pa kapinga kuti woyendetsa ndege awerenge: Aefeso 2:14, vesi yonena kuti Khristu ndiye mtendere wathu, amene anagumula khoma lolekanitsa anthu. Anakana kuchoka. Alendo ambiri amadutsa pomwepo osadziwa chimene akuponda. Ngati ndinu wopemphera, lowani m'tchalitchi muone zenera la magalasi amitundu losonyeza David Livingstone, nyanja ili kumbuyo kwake, komanso mumve mmene Atumbuka amaimbira. Potsika mutha kuyendanso wapansi, maola atatu akwana, kapena kukwera matola ngati maondo akudandaula. Chachikulu mukhale pa Chitimba dzuwa lisanapendeke kwambiri kuti mupeze minibasi yobwerera.

Za kunyamula n'zochepa: nsapato zimene munaziyendera kale, osati zogula dzulo chifukwa zimatulutsa matuza, chipewa, juzi yausiku poti pamwamba pamazizira, tochi, ndi ndalama zapamanja. Kunyanja kuli udzudzu, mugone m'neti. Miyezi yabwino ndi May mpaka August, pamene mvula yaleka ndipo dzuwa silinakwiye. Mu October mutha kupita, koma muyambe kukwera kusanatenthe. Nthawi ya dzinja Golodi amaterera koopsa.

Ngati mukufuna kuyesa miyendo musanapite kutali, nkhalango ya Kaning'ina ili pakhomo pomwepa, kum'mawa kwa mzinda. Ndi nkhalango yotetezedwa, choncho yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango, ndipo mupite ndi munthu woidziwa. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Tsiku lina mu June tinalowamo awiri kukuwala bwinobwino, koma pofika masana chifunga chinatsika, mvumbi n'kuyamba, tinjira tonse tinafanana. Tinazungulira maola awiri tili chinyowere, mpaka tinamva nkhwangwa patali, n'kukapeza bambo wina amene anatilozera kotulukira. Nyengo ya Mzuzu mudzaizolowera: kumacha bwino, koma jekete musalisiye kunyumba. Ku Blantyre mumati chiperoni, kuno chimabwera osachenjeza.

Tsopano za Nyika. Chimene ndikuti idikire si kukongola, ndi mayendedwe. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda, malo ofikira alendo m'kati mwa paki ya Nyika, ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu msewu wafumbi, kudzera pa chipata cha Thazima, ndipo minibasi yokafika ku Chelinda kulibe. Pamafunika galimoto yamphamvu ndi masiku osachepera atatu, ndiye njira yabwino ndi kusonkherana anthu anayi kapena asanu pa tchuthi. Mukatero mudzaona chimene anzathu akuchitamacho: zitunda za udzu zopanda malire, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya poyera, ndi nsonga ya Nganda, yoposa mamita 2,600, yaitali kuposa zonse kumpoto kuno. Mu June ndi July m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Mu January ndi February ndi pamene maluwa akutchire amachuluka, kungoti msewu umavuta. Tengani chitupa chanu cha unzika, poti Amalawi timalipira zochepa pa chipata kusiyana ndi alendo akunja. Ndipo pali njira ya masiku atatu yochoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, yoyenda ndi mlonda wa paki. Mukadzaiyenda mutakwera kale Golodi, mudzalowa ku Khondowe chakumbuyo, n'kumazindikira malo amene munawaonera pansi. Kukoma kwake kumaposa kwa munthu wofika koyamba.

Kwinako ndingotchula mwachidule. Phiri la Hora ku Mzimba ndi lalifupi koma lili ndi mbiri yolemera ya nkhondo ya Angoni ndi Atumbuka, ndipo mu August kumachitikira mwambo wa Angoni wa Umthetho. Ku Chikangawa, m'mapiri a Viphya, kuli njira zambiri, ngakhale mtima umawawa kuona mmene mapaini anathera ndi moto ndi macheka. Ndipo mukadzalimba, pali kuyenda m'mphepete mwa nyanja kuchoka ku Usisya kupita ku Ruarwe, mudzi wofikako pa bwato kapena wapansi basi, kumene mudzadye kondowole ndi usipa wa tsiku lomwelo.

Musapite nokha ulendo woyambawu, ndipo wina kunyumba adziwe kumene muli ndi nthawi yobwerera. Ngati simunapeze mnzanu, lembani pagulu pompano tsiku limene mwasankha. Ine Golodi ndakwera kanayi ndipo ndikufuna kubwereranso, chifukwa phiri la Chombe, limene limaoneka ukaima ku Livingstonia, sindinalikwerebe, ndipo ndili ndi funso limene sindinawafunse agogo ena a pa Manchewe: amene anali kubisala m'phanga muja, mbewu zawo ankazisunga kuti?