Kodi kuwala kumaboola selo kuti mamolekyu a chaji alowe?

Achimwene, mwafunsa ngati kuwala kumaboola selo kuti mamolekyu okhala ndi chaji ya magetsi alowe. Nthawi zambiri ayi. Kuwala sikukankha molekyu, kumangosintha chinthu chimene munaika kale pa nembanemba ya selo.

Nembanembayo ndi yopyapyala, pafupifupi nanomita 5 (nanomita, mwachidule nm, ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), koma mkati mwake ndi mafuta okhaokha. Sodiyamu, potaziyamu kapena siRNA (kachidutswa ka RNA kozimitsa jini) zimayenda zitakutidwa ndi madzi, ndiye zikafika pamafutapo zimakanika kudutsa.

Kwa maayoni ang'onoang'ono, monga sodiyamu, pali channelrhodopsin-2, puloteni yochokera ku ndere yotchedwa Chlamydomonas, imene imakhala ngati khomo pa nembanemba. Ikawalitsidwa ndi kuwala kwa buluu kwa 470 nm, retinal, molekyu yomva kuwala yomwe ili mkati mwake, imapindika, khomo n'kutseguka, sodiyamu n'kulowa. Mu 2005 asayansi Edward Boyden, Karl Deisseroth ndi anzawo anadzutsa nayo maselo a ubongo. Azobenzene, molekyu ina imene amatsegulira nayo makomo otere, nayonso imapindika pa kuwala kwa UV kwa 365 nm, kungoti kuwala kumeneku kumapweteka maselo ndipo sikulowa patali m'mnofu.

Mamolekyu akuluakulu vuto lawo ndi lina. Selo imawameza, inde, koma amatsekeredwa m'timatumba ta endosome, kenako amagayidwa. Njira ya PCI (photochemical internalisation, kulowetsa mamolekyu pogwiritsa ntchito kuwala ndi mankhwala), imene Kristian Berg ndi anzake anaifotokoza ku Oslo mu 1999, imang'amba timatumbati. Mumathira mankhwala omva kuwala, monga TPCS2a, m'mbale ya maselo kwa maola 18. Kenako tsukani katatu, muwasiye maola 4 m'madzi owadyetsera opanda mankhwalawo. Maola 4 amenewa musawadumphe. Ndi nthawi imene mankhwala amachoka pa nembanemba yakunja n'kutsala pa timatumba tokha. Mukafulumira kuwalitsa, singlet oxygen, mtundu wa oxygen wowononga umene mankhwalawo amapanga akawalitsidwa, imawononga nembanemba yakunja, ndipo m'mawa mupeza maselo atafufuma, akuyandama.

Kuwalitsa kuyambe ndi masekondi ochepa, muzionjezera pang'onopang'ono pa mbale zosiyanasiyana. Kukachuluka, oxygen yomweyo imawononganso puloteni kapena siRNA imene mumafuna ilowe. M'thupi amagwiritsa ntchito kuwala kofiira kwa 652 nm chifukwa kumalowerako mamilimita angapo.

Gwirani ntchitoyi magetsi a m'labu atachepetsedwa, mbale zitakutidwa ndi foyilo. Muikenso mbale ina yamdima, ina ya kuwala kokha, ina ya TPCS2a ndi kuwala popanda molekyu yanuyo. Popanda yachitatuyi simungasiyanitse maselo ofa ndi molekyu yanu ndi ofa ndi kuwala.