Seva ikagwa usiku, akuuzeni ndani?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumayang'anira makompyuta pa ofesi ya anthu pafupifupi 30, muli ndi seva imodzi ya akaunti ndi mafayilo, rauta ya MikroTik, ma switch angapo ndi webusaiti. Ndiye seva inaima Lachisanu usiku, inu n'kumva Lolemba m'mawa abwana atakuimbirani mawu atakwera. Tsono mukufunsa kuti muike pulogalamu iti yoyang'anira seva ndi kukuchenjezani ikagwa, pakati pa Zabbix, Nagios ndi Prometheus. Ndaona anzathu ayankha kale, aliyense akutama yomwe amagwiritsa ntchito. Ine nditalikitsako pang'ono, mundipirire.

Pa ofesi ya msinkhu umenewo ine ndingaike pulogalamu ina yosavuta yotchedwa Uptime Kuma sabata ino, zinazo pambuyo. Koma chomwe chinakupwetekani Lachisanu lija si kusowa kwa pulogalamu yabwino ayi. Panalibe njira yoti uthenga ukupezeni kunyumba seva itafa, ndipo mutha kuika pulogalamu ina iliyonse n'kugweranso m'dzenje lomwelo.

Ine zinandionekerapo. Zaka zapitazo ndili pa bungwe lina ndinaika Nagios, ndinachezera nayo masiku atatu, mpaka sikirini yonse inabiriwira ngati munda wa chimanga mu Januwale. Seva inkakhala m'kachipinda komwe ankasungiramonso mopu ndi ndowa, pamwamba pa kabati pali mafayilo akale a fumbi lokhalokha. Loweruka lina madzulo pulogalamu ina inayamba kulemba cholakwika chimodzimodzi mu log mosalekeza, disiki inadzaza, database inasiya kulandira chilichonse. Nagios inaona ndithu, inalemba CRITICAL mofiira. Koma imelo yondidziwitsa inkadutsira pa Postfix, pulogalamu yotumiza maimelo, ya pa seva yomweyo, ndipo Postfix ikaona kuti malo atha imakana makalata. Lolemba ndinapeza amayi a ku akaunti ataima pakhomo pa kachipindako, atagwira kapu ya tiyi wozizira, malipiro a anthu asanatuluke. Sanayankhule kanthu, kungondiyang'ana basi. Nditatsegula Nagios ndinapeza kuti yakhala ikukuwa maola 40 m'chipinda mopanda munthu.

Ngakhale akuluakulu zimawagwera. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6, lamulo lolakwika pa nthawi yokonza netiweki litadula malo awo osungira ma seva. DNS yawo, yomwe imalozera anthu komwe kuli ma seva awo, inasowa pa intaneti, ndipo zida zawo zamkati zofufuzira mavuto zinagwera limodzi, moti anachita kutumiza anthu kukafika pa makinawo ndi miyendo.

Ndiye choyamba, choyang'anira chisakhale pa seva yomwe chikuyang'anira, ndipo uthenga wake usadutse njira yomwe ingafere limodzi ndi sevayo. Simufunika kugula chodula. Ofesi iliyonse ili ndi laputopu yakale yothothoka mabatani yomwe ikungokhala m'dirowa. Ikanimo Debian kapena Ubuntu, kenako Docker, kenako Uptime Kuma. Imatsegukira pa port 3001, ndipo lisanathe ola mukhala mutayamba kuona zinthu. Ubwino wa laputopu ndi woti ili ndi batire lakelake, magetsi akathima imatsalabe ndi moyo kwa kanthawi. Muipatsenso MiFi ya SIM ya kampani ina, osati yomwe imakupatsani intaneti ya ofesi, kuti layini yaikulu ikaduka izithabe kutumiza uthenga. Raspberry Pi imachitanso, kungoti SD khadi yake imatopa msanga ikamalembedwa usana ndi usiku.

Komabe laputopuyo nayo itha kufa, bandulo ya MiFi itha kutha inu osazindikira. Apa ndi pomwe pamafunika chinthu chomwe ambiri amachidumpha: wina wakunja kwenikweni amene amada nkhawa inu mukakhala chete. Healthchecks.io imagwira choncho. Imakupatsani adiresi, inu n'kuika mzere umodzi mu cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika mu Linux, woti mphindi 5 zilizonse kapulogalamu ka curl kagogode pa adiresiyo. Ikamagogoda palibe chochitika. Ikangophonya kupitirira nthawi yomwe mwaika, uthenga umabwera pa foni yanu. Zili ngati mwana wa kusukulu yogonera konko amene munagwirizana kuti aziflasha Lamulungu lililonse, tsiku lomwe sanaflashe ndi lomwe mumaimba. Kuno kwathu, komwe magetsi amatha kupita ndi rauta, seva ndi choyang'anira nthawi imodzi, kachinthu kameneka kamandithandiza kuposa magirafu onse okongola aja. Uptime Kuma nayo ili ndi mtundu womwewu, amautcha push, moti ngati muli ndi VPS, seva yobwereka pa intaneti, kunja kwa ofesi mutha kuika ina kumeneko. Backup yanunso muimangirire pamenepa, izigogoda pokhapokha ikamaliza bwino. Ndinapezapo backup yomwe inasiya kuyenda miyezi 4 aliyense akukhulupirira kuti ilipo, chifukwa disiki yakunja inachotsedwa ndi munthu wofuna kukopera zithunzi za ukwati, osaibwezeranso.

Tibwere pa zoti muziyang'ana. Ping, kuja kongofunsa makina ngati alipo pa netiweki, payokha imanamiza. Seva yanga ija inkayankha ping bwinobwino maola onse 40. Imangokuuzani kuti makina ayaka ndipo chingwe chalumikizidwa, ngati kuona nyale ikuwala pa golosale n'kumati shuga alimo. Muzifunsa zomwe ogwira ntchito amafunsa. Pa webusaiti musakhutire ndi 200, nambala yomwe seva imayankha kutanthauza kuti zili bwino, uzani Uptime Kuma ifunefune mawu ena omwe amaoneka pokhapokha tsamba likatseguka bwino, chifukwa tsamba lolembedwa kuti database yakanika limathanso kubwera ndi 200. Pa database tumizani funso lenileni, ngakhale SELECT 1 yokha ndi poyambira. Ngati mumagwiritsa ntchito satifiketi ya HTTPS ya pa webusaiti yochokera ku Let's Encrypt, ija ya masiku 90, kudzikonzanso kwake kumatha kufa mwakachetechete, ndiye ikani chenjezo kutatsala masiku 14. Tsiku lothera domain mulilembe pamalo pomwe simungaliphonye, ndipo imelo yomwe inalembetsa isakhale ya munthu amene anasiya ntchito kalekale.

Mkati mwa seva momwemo, disiki ndiye mdani woyamba. Ngati ndi Linux, df -h ikuuzani malo otsala, koma muziyang'ananso df -i, chifukwa ma inode, malo olembamo mbiri ya fayilo iliyonse, amatha kutha malo akadalipo ambiri, makamaka pomwe pali timafayilo tating'onoting'ono tambirimbiri, ndipo tsiku limenelo mumasokonezeka mutu. Malire a 80 kapena 90 peresenti pawokha sandikhutiritsa. Disiki yomwe yakhala pa 85 kwa chaka chonse ilibe vuto, pomwe ina yomwe inali pa 40 m'mawa n'kufika 60 masana ikufa usiku womwewo. Zabbix ili ndi timeleft, Prometheus ili ndi predict_linear, zonse zoyerekeza kuti idzaza liti. Ngati muli ndi RAID ya mdadm, ija yosunga data yomweyo pa madisiki awiri, tsegulani /proc/mdstat lero lino. Mukaona [UU] gonani, mukaona [U_] ndiye kuti disiki imodzi inafa kale, mukuyendera imodzi osadziwa. RAID imabisa maliro, ndiye ntchito yake, choncho popanda wokuuzani mumadzamva pa imfa yachiwiri. Onjezerani smartctl yoona thanzi la disiki, muziona Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector, manambalawo akayamba kukwera yambani kulemba kalata yopempha ndalama za disiki, popeza mukudziwa momwe mapepala amachedwera kusainidwa.

UPS, bokosi la mabatire losunga seva magetsi akathima, musaiiwale. Zambiri zili ndi USB kumbuyo yomwe palibe anaigwirapo chigulireni. Lumikizani, ikani pulogalamu yolankhula ndi UPS, NUT kapena apcupsd ngati UPS yanu ndi ya kampani ya APC. NUT imalemba OL ikakhala pa magetsi, OB ikakhala pa batire, LB batire likatsala pang'ono. Mukatero mudziwa kuti jenereta sinaliritsidwe Loweruka, komanso seva izidzizimitsa yokha mwaulemu m'malo mogwa chagada database ili pakati polemba. Mabatire a UPS amakalamba msanga m'chipinda chotentha, ndiye ngati eyakoni ya kachipindako imazimitsidwa anthu akaweruka, kutentha nakonso muzikuyeza.

Ku ma switch ndi rauta njira yozifunsira momwe zilili ndi SNMP, pa port ya UDP 161. Mukamayatsa sinthani community, mawu omwe amagwira ngati pasiwedi, musasiye pa public, ndipo ngati chipangizocho chikulola gwiritsani ntchito v3 yomwe ili ndi pasiwedi ndi kubisa. Musasankhe v1: manambala ake owerengera data ndi a 32-bit, ndipo pa port ya 1 Gbps yodzaza amazungulira n'kuyambiranso pa ziro m'masekondi pafupifupi 34, girafu n'kumaonetsa zabodza. Chomwe ine ndimayang'ana kwambiri pa ma port si kuchuluka kwa data koma ma error. Port yomwe ma CRC ake, ma error a data yofika yoonongeka, akukwera nthawi zambiri ndi chingwe, ndipo kawiri konse ndakwerapo kudenga n'kupeza makoswe atachitafuna. Nyengo ya mvula mphenzi imawotchanso ma port amodziamodzi, makamaka a zingwe zopita nyumba ina. Pa MikroTik muli kale ndi Netwatch, yomwe imatha kuyendetsa script chinthu chikasiya kuyankha, komanso The Dude yojambula mapu a netiweki.

Intaneti muiyeze pa malo atatu: rauta yanu, chipata choyamba cha kampani yokupatsani intaneti, ndi kwina kutali ngati 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8. SmokePing ya Tobias Oetiker ndi yakale koma pa ntchito imeneyi sindinaisiyebe, imaonetsa kuchedwa ndi kutayika kwa mapaketi tsiku ndi tsiku. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka chakufupi ndi Durban, intaneti inavuta ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi maiko ena. Tsiku ngati limenelo, amene ali ndi malo atatuwa amaona kuti awiri oyamba ali bwino, amauza abwana kuti vuto lili kutali, n'kukhala pansi. Wopanda amazimitsa ndi kuyatsa rauta tsiku lonse. Girafu yomweyo ndi umboni wanu mukamadandaula kwa okupatsani intaneti, poti pakamwa pokha amangoti kwathu kuno zonse zili bwino.

Pomwe anthu ambiri amagwera atamaliza zonsezi ndi pa mauthenga. Sabata yoyamba amaika chenjezo pa chilichonse, foni imalira ka 60 pa tsiku, sabata yachitatu amaitseka pakamwa, ndipo seva ikadzafa zenizeni uthengawo umakwiririka pakati pa za printa yomwe yatha pepala. Ine ndimagawa pawiri. Zondidzutsa usiku ndi zochepa kwambiri: seva ya akaunti, intaneti yonse, UPS kufika pa LB, disiki yomwe idzaze kusanache. Zotsalazo zindidikire m'mawa ndi tiyi. Chinthu chisalire pa kuphonya koyamba, chiyesedwe katatu kaye. Ndipo rauta ikafa musalandire mauthenga 20 a zonse zomwe zili kuseri kwake. Nagios imati parents, Zabbix imati trigger dependencies, cholinga chake ndi choti ulire umodzi wa mwini vuto. Potumiza, Telegram ndi yosavuta kuika, koma kumbukirani kuti usiku data ya pa foni yanu itha kukhala yozimitsa kapena yatha, ndiye zazikuluzo zibwerenso pa SMS. Zipitenso kwa munthu wachiwiri, poti tsiku lina mudzakhala kumudzi kumaliro komwe netiweki imagwira pa chulu pokha.

Za mayina munafunsa aja. Nagios inayamba mu 1999 ili NetSaint, ya Ethan Galstad, ndipo mwambo wake wa 0, 1, 2, 3 kutanthauza OK, WARNING, CRITICAL, UNKNOWN ndi wofunika kuudziwa chifukwa ma script ambiri amautsatirabe. Koma kuikonza ndi mafayilo ambirimbiri, munthu mmodzi wothamanganso ndi maprinta sindingamukankhire kumeneko. Zabbix, ya Alexei Vladishev wa ku Latvia, ndi yomwe ndingaike pa laputopu ija mwezi wachiwiri, chifukwa zamkati mwa seva monga disiki ndi memory Uptime Kuma siziona payokha. Agent yake imamvera pa port 10050, imagwira pa Windows ndi Linux, ndipo SNMP ili momwemo. Ngati zida za netiweki zili zambiri kuposa ma seva, LibreNMS imazizindikira yokha mosavuta. Prometheus inabadwira ku SoundCloud mu 2012, ndipo ndi Grafana yojambula magirafu imakoma kwambiri pomwe pali ma container ambiri osinthasintha, koma pa seva imodzi ndi kugula lole yonyamulira thumba limodzi la chimanga. Anzathu a Prometheus m'gulu muno musandikwiyire, inenso ndimaigwiritsa ntchito kwina.

Mukamaliza kuika, Loweruka masana anthu kulibe, pitani mukazule chingwe cha seva ndi dzanja lanu, mukhale pampando muwerenge mphindi mpaka foni ilire. Kenako bwezerani, zimitsani rauta, muonenso. Pomaliza zimitsani laputopu ija muone ngati Healthchecks.io ikusakeni. Ine nditayesa koyamba pa zitatuzo chinalira chimodzi chokha, china chinali ndi token ya Telegram yolakwika chilembo chimodzi. Mundiuze m'munsimu ngati seva yanu ili pa Windows kapena Linux, ndi mtundu wa UPS yomwe muli nayo, ndikulemberani mzere wa cron uja ndi makonzedwe a NUT ogwirizana nazo.