Tsiku limodzi pa Port Louis: basi ya sitima kapena miyendo yanu?

Imelo yomwe yandikhazika pansi lero yachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Durban wawagulira tikiti ya sitima zikuluzikulu zapamadzi zija, ulendo wopita ku Mauritius ndi kubwerako. Sitimayo ikaima pa doko la Port Louis kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akufunsa kuti alipire basi ya kampani ya sitimayo yozungulira chilumba, kapena atsike n'kuyenda okha. Awonjezera kuti basiyo ikafika mpaka ku esiteti ya tiyi, ndipo akufuna akaone ngati tiyi wa kumeneko amaposa wathu.

Mayi, mukanangofunsa za basi ndikanakuyankhani m'mizere iwiri. Koma mwatchula esiteti ya tiyi, ndiye mundipirire.

Ine ndinakulira m'malaini a esiteti ina kuno ku Mulanje. Mayi anga anali otchola tiyi, dengu kumsana kuyambira mame asanakamuke, zala zakuda ndi utomoni wa masamba moti ngakhale sopo wamtundu wanji sankachotsa. Nthawi ya holide ndinkawaperekera madzi ndi chinangwa chophika kumunda. Ndiye kunkabwera timabasi ta alendo. Kaima pamsewu, chitseko gwa, anthu atsika ndi makamera m'khosi. Wowaperekeza ankakodola kapitawo, kapitawo n'kukuwa kuti "amayi, mwetulirani!" Amayi aja n'kumwetuliradi, chifukwa wakuuza ndi amene amalemba makilo ako pasikelo madzulo. Pakapita mphindi zochepa alendo aja akwera, fumbi koboo, ulendo wa ku Likhubula kukajambula mathithi. Palibe amene anafunsapo dzina la mayi anga. Palibe anagulapo ngakhale nthochi imodzi kwa ana amene tinkaima m'mbali mwa msewu. Ndalama yonse ya ulendo wawo inali italipiridwa kale kutali, kwa anthu ovala mataye, ndipo ife tinali gawo chabe la malo okongolawo, pamodzi ndi mitengo ndi phiri.

Nditakula ndinagwirako ntchito yoperekeza alendo kuphiri, ndipo ndi pamene ndinaona kusiyana. Mlendo amene wakwera nawe ku Chambe n'kugona m'kanyumba ka kumtunda, mwadyera limodzi, wapsa mapazi limodzi ndi iwe, amatsika akudziwa kuti mkungudza wa Mulanje ukutha ndiponso chifukwa chake ukutha. Wapabasi amatsika ndi zithunzi basi.

Ndiye chaka china mwana wanga wamkazi, nayenso wa ku Joni konko, anatitengera ine ndi mayi a kunyumba pa ulendo womwe mukupitawu. Tinanyamukira pa Durban, masiku angapo osaona mtunda, madzi okhaokha mbali zonse. Za m'sitimamo ndidzalemba tsiku lina, chifukwa nkhani ya chakudya chokha ingadzaze tsamba lonse (munthu wa Mulungu kudya kasanu patsiku, koma nsima osaiona). Usiku woti mawa tifika, analowetsa kapepala pansi pa chitseko kosonyeza maulendo a pamtunda ndi mitengo yake m'madola. Mayi a kunyumba atawerengetsera m'makwacha anangoti, "Bambo, ndalama imeneyi ndi matumba angati a feteleza?" Nkhani inathera pomwepo. Banja lina la ku Pietermaritzburg lomwe tinkadya nalo tebulo limodzi linalipira basi ya kummwera kwa chilumba. Ife tinatsika wapansi.

Ndisanapitirire, dziwani kukula kwa malo amene mukupitawo. Chilumba cha Mauritius ndi pafupifupi makilomita 65 m'litali ndi 45 m'lifupi, kucheperako pang'ono kuyerekeza ndi boma la Mulanje, koma muli anthu opitirira 1.2 miliyoni ndi magalimoto osati masewera. Phiri lawo lalitali kwambiri ndi mamita 828. Sapitwa wathu ndi 3,002. Choncho wa kuno sangapite kumeneko kukadabwa ndi mapiri. Esiteti mukunenayo iyenera kukhala ya Bois Chéri, yomwe inayamba mu 1892, ili kummwera, kumtunda kozizira. Kuno Henry Brown anabzala tiyi ku Thornwood mu 1891, ndiye tinganene kuti minda yawo ndi yathu ndi yobadwira limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali ndi timinda tochepa ndipo tiyi wawo wotchuka amamuthira vanila, pamene ife tili ndi minda kuchokera ku Thyolo mpaka kumalire a Muloza. Inu mayi, amene mukatuluka pa Luchenza kulowera kulikonse mumadutsa m'tiyi, mukalipire madola kuti mukaone tiyi? Mukaima m'mbali mwa munda wa eni ake ndi foni m'manja kujambula mayi wina ali ndi dengu kumsana? Ine ayi. Paketi ya tiyi wa vanilayo imapezeka m'masitolo a mu Port Louis momwemo. Gulani, mudzamwere kunyumba, mudzaweruze nokha.

Anzathu a ku Pietermaritzburg aja anabwerako madzulo atatheratu. Anaona zambiri, sindikana: nyanja yopatulika ya Ahindu ya Grand Bassin, dothi la mitundu isanu ndi iwiri la ku Chamarel, mathithi, sitolo ya timasitima tosema. Koma mmene ankafotokozera, ulendo wonse unali ngati perekaniperekani wa paukwati: akuitana, uvine pang'ono, uponye ndalama, khala pansi, gulu lina likubwera. Malo amene anakhalitsapo kwambiri ndi sitolo ija. Mayi wa banjalo sanathe kukumbukira kuti chithunzi china anachijambulira kuti.

Ife tinakwera takisi kuchokera padoko mpaka ku Caudan, malo a masitolo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chinali choyenda pansi. Tinayambira ku Central Market. Mukalowa mumva fungo lomwe mukulidziwa, la tomato, nsomba zouma ndi tsabola, kuphatikizapo lina lachilendo la zokometsera za Amwenye. Mayi a kunyumba anaima nthawi yaitali pa benchi ya mayi wina wogulitsa masamba, atazindikira mphukira za shushu, zomwe kwathu kuno timangozisiya pampanda koma kumeneko ndi ndiwo yogulitsa pamsika. Chingerezi cha mayiyo chinali chochepa, ifenso Chikiliyo, chinenero cha kumeneko, sitinkachidziwa n'komwe, koma anagwirizana ndi manja mpaka kuuzana kaphikidwe. Tinadya dholl puri, kachapati kofewa kopangidwa ndi nyemba zogaya, amakapaka ndiwo za nyemba ndi tsabola n'kukakulunga papepala, awiriawiri. Mnyamata wogulitsayo manja ake ankathamanga moti sindinaone kuti wapaka liti. Tinadyera chiimire, msuzi ukutsikira m'chigongono, pakati pa anthu a m'maofesi amene anali pamzere womwewo. Ndalama yathu yochepayo inalowa m'thumba la epuloni la munthu amene tinamuona nkhope.

Koma chimene ndikufuna mukaone, mayi, si msika.

Kungoyenda pang'ono kuchokera pamsikapo, m'mphepete mwa doko, pali malo otchedwa Aapravasi Ghat. Pamene ukapolo unkapita kumapeto pachilumbachi (unathetsedwa mu 1835), eni minda ya nzimbe anaona kuti asowa owagwirira ntchito, ndipo Angerezi anayamba kubweretsa anthu a kontirakiti, ambiri ochokera ku India. Oyamba anafika pa 2 November 1834. Kuyambira mu 1849 onse ankatsikira pamalo amenewa, ndipo anthu pafupifupi theka la miliyoni anakwera masitepe ake amiyala, kulembedwa nambala, kusambitsidwa, kenako kugawidwa m'maesiteti. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wake mu 2006. Masitepewo alipo mpaka lero, ndi ochepa, osakongola, ndipo gulu la pabasi likafikapo limadutsa mothamanga. Ine ndinakhala pansi. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo safunika womumasulira nkhani imeneyi. Agogo athu Alhomwe anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nafikira m'minda ya azungu momwe malo okhala ankalipira ndi thukuta. Ndi thangata ameneyu amene anali m'gulu la zinthu zomwe zinamuwawa John Chilembwe mpaka 1915. Kwawoko inali nzimbe, kwathu kuno thonje, fodya ndi tiyi, koma buku la kapitawo ndi lomwelo.

Ndipo pali china chimene sitinaphunzitsidwe kusukulu. Amwenye aja asanabwere, amene ankalima nzimbe za Mauritius anali akapolo ochokera ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique, ndipo pakati pa a ku Mozambique panali Amakua ndi Ayao. Amakua ndi Alhomwe ndi pachibale, chilankhulo n'choyandikana. Ndiye mukamayenda mu Port Louis n'kukumana ndi bambo wina wachikiliyo, mdzukulu wa akapolo amenewa, amene nkhope yake ikukukumbutsani amalume anu a ku Chonde, musadabwe. Kummwera chakumadzulo kwa chilumba kuli phiri la Le Morne komwe akapolo othawa ankabisala, nalonso lili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2008. Ndi kutali, tsiku limodzi silingakwane kuti muone zonse, koma pafupi ndi Aapravasi Ghat pomwepo, m'nyumba yakale yomwe inali chipatala cha asilikali, muli malo osungirako mbiri ya ukapolo. Ife timasonkhana pa Chonde mwezi wa October uliwonse pa Mulhako wa Alhomwe, kuvina tchopa ndi kudya kalongonda, koma za abale athu amene anakwezedwa zombo kupita kuzilumba sindinamvepo wina akuzitchula pamsonkhanopo. Zimandiwawa.

Ndikamalemba chonchi maganizo anga akunka nalimba. Poyamba ndimati ndinene kuti zonse n'zabwino, zitengera munthu. Ayi. Kwa munthu wa kuno, wa miyendo yabwino, basi yozungulira chilumba ndi kutaya ndalama ndi tsiku lomwe. Maulendo amenewo anawakonzera anthu amene sanaonepo nthochi ili pamtengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pabasi kudekha kulibe, woyendetsa ali ndi wotchi yake.

Pena ndimaganiza kuti vuto lomweli ndi lomwe likutidya kuno. Timanyadira kuti alendo abwera, koma ndani amawerenga kuti ndalama zingati zatsala pa Chitakale? Anyamata onyamula katundu kuphiri amadikira tsiku lonse pa Likhubula, mabondo atatha kale asanafike zaka makumi anayi. Namondwe Freddy atagumula mapiri athu mu March 2023, njira zambiri za kuphiri zinawonongeka ndipo anyamata omwewo ndi amene anakhala miyezi opanda ntchito. Freddy yemweyo, musaiwale, anadutsa kumpoto kwa Mauritius mu February asanatipeze ife. Nyengo ya sitima zimenezi, kuyambira November mpaka April, ndi nyengo yomweyo ya anamondwe m'nyanja ya India, ndipo woyendetsa sitima ali ndi mphamvu yosintha doko kapena kulidumpha ngati nyanja yakwiya. Chimenecho chokha ndi chifukwa china choti musamalipiriretu zinthu zambiri za pamtunda kwa anthu amene sangakubwezereni.

Nanga basi ilibe ubwino?

Ulipo umodzi, ndipo ndi waukulu. Basi ya kampani ikachedwa, sitima imadikira. Inu mukachedwa panokha, sitima imapita, ndipo mudzadzipezera nokha tikiti ya ndege. Choncho ngati mawondo amavuta, kapena mtima wanu uli pa Chamarel ndi Grand Bassin zivute zitani, lipirani basiyo. Kumeneko n'kutali, osayerekeza kupitako pa takisi yongokumana nayo pachipata, chifukwa madzulo msewu wolowa mu Port Louis umadzaza.

Apo ayi, chitani chonchi. Tsikani m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa Port Louis ndi wotentha ngati ku Nchalo. Gwirizanani mtengo wa takisi musanakwere. Sinthani madola kapena marandi pang'ono kukhala marupi a Mauritius, kwacha kumeneko sadziwika. Msika, Aapravasi Ghat, kenako ngati mphamvu zilipo takisi ikukwezeni ku Fort Adelaide, linga lakale la Angerezi pamwamba pa kaphiri, muone mzinda wonse ndi sitima yanu ili padoko. Ngati mukufunabe zobiriwira, munda wa Pamplemousses uli chakumpoto pang'ono, uli ndi maluwa a m'madzi a masamba aakulu modabwitsa, koma mukasankha umenewo siyani linga. Khadi la sitima likhale m'khosi, ndi lomwe mumatulukira ndi kulowera. Mauritius ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya kuno ndi ya ku Durban, ndiye tcherani wotchi yanu molingana ndi ya m'sitima, osadalira foni. Nthawi yomwe alemba kuti aliyense akhale atakwera, inu chotsanipo ola lathunthu.

Chomaliza, muuzeni mwana wanu aonetsetse ngati sitimayo ikaimanso pa Réunion. Chilumba chimenecho ndi gawo la France, ndipo pasipoti yathu ya Malawi imafuna viza kumeneko. Afunse ku kampaniyo sabata ino, zisadzakutulukireni muli pamzere wokwerera ku Durban.