Kwa mlongo wofunsa ngati thengo limapumitsadi mtima

Mlongo wanga, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti tulo takuthawani, mtima ukugunda ngati mwathamanga pomwe mwangokhala pansi, ndipo mukufunsa ngati kuyenda m'thengo kumathandizadi kapena ndi za azungu chabe. Ndikuyankheni chifukwa njira imeneyi ndinaiponda.

Chaka chatha kashopu kanga ku Kapata, kuno ku Chipata, kanaima. A kaloba ali pambuyo panga, foni ikangolira thupi lonse zii ndisanaone n'komwe amene akuimba. Masana phokoso la mahutala ndi njinga zamoto, usiku phokoso lomwelo linkasamukira m'mutu. Amene ananditulutsa m'nyumba ndi amalume. Sanandilalikire, anangoti, "Mawa m'mamawa tikakwere Kanjala."

Ndinapita monyinyirika. Koma phiri limakupatsa ntchito. Uyang'ane poponda, usamale mwala ungakuterereze, upume wefuwefu, ndipo mutu sungawerenge ngongole uku ukulondera phazi. Titafika pamwamba, Chipata yense ali kunsi kwathu, magalimoto ngati nyerere, ndinadzidzimuka kuti ola lathunthu ladutsa osaganizako za ndalama. Usiku umenewo ndinagona mpaka tambala. Tsono musadikire kuti mupeze kaye ndalama za ulendo wautali. Dzukani dzuwa lisanatuluke, mutenge mnzanu mmodzi kapena awiri (nokha ayi, kumalo kopanda anthu sikoyenda mayi yekha), foni muizime.

Koma ku Mfuwe mudzapiteko ndithu. Zimandiwawa kuti anthu amawoloka nyanja kudzaona paki ya nyama ya South Luangwa kumeneko, pomwe ife tili pa makilomita ngati 130 okha, msewu wa tara, timakalamba osafikako. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo zoonera nyama uli pansi zinatchukira kuno kwathu, kudzera mwa Norman Carr, mzungu wosamalira nyama zakuthengo, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo. Pachipata nzika timalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi akunja. Ife tinasonkha ngati chilimba, anthu asanu, mpaka zinakwana.

M'pakimo suyenda mwachisawawa. Patsogolo pamakhala sikauti wamfuti ndi wolondolera, inu mumatsata mumzere umodzi, pakamwa tseke. Wolondolera wathu ankaima pa tinthu tomwe ine ndikanangoponda: phazi la fisi wodutsa usiku, ndowe za njovu zofundabe, kulira kwa anyani kosonyeza kuti aona chilombo. Makutu amatseguka. Umayamba kumva ngakhale mbali yomwe mphepo ikuchokera.

Kenako tinakumana nayo. Njovu yaimuna, ikuthyola nthambi za tsanya, pafupi moti tinkamva ikutafuna. Sikauti anangokweza dzanja, tonse njii. Mawondo anga anagwedezeka, mtima unagunda monga momwe unkachitira foni ikalira. Inatiyang'ana, inakupiza makutu, n'kutembenuka pang'onopang'ono kulowera kumtsinje. Itapita, thupi langa linamasuka lonse, mpweya unalowa mpaka m'mimba. Apa ndi pomwe ndinamvetsa vuto langa. Mantha a njovu aja anabwera n'kupita. A m'tauni ankabwera osapita, miyezi ndi miyezi, mpaka thupi linaiwala kumasuka. Tsiku limenelo linakumbukira. Madzulo ndinakhala pagombe la Luangwa kumvera mvuu zikufwenthera, nkhwazi ikulira kutsidya, ndipo misozi inatsika yokha popanda chondipweteka.

Tinaonanso nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zomwe sizipezeka kwina kulikonse koma m'chigwa chimenechi. Mukafuna kuyenda pansi, nthawi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira June. October kumatentha koopsa kumeneko, ngakhale ndi nthawi yomwe timbalame tofiira timakumba zisa m'magombe a mtsinje. Neti ya udzudzu musaiwale. Ndiponso mukafika musamalankhule za njovu mosasamala pamaso pa eni dera. Abale athu Akunda kwa Mfumu Kakumbi njovu zomwezo zimawathera chimanga m'munda usiku umodzi, ena zinawaphera abale.

Chimodzi ndisakubiseni. Ngongole yanga sinathere m'thengo, ndinaibweza pang'onopang'ono nditabwerako, kungoti mutu unali utayamba kugwira ntchito. Ndipo popeza mwati kusagonaku kwatenga milungu, pitaninso kuchipatala akakuyezeni BP, mukawauze zonse monga mwatiuzira muno, osachita manyazi. Ngati maganizo ofuna kudzivulaza akubwerani, musadikire Loweruka, uzani munthu lero lomwe.

Ife timakwerabe Kanjala Loweruka lililonse, timanyamuka 5:30 m'mawa, ndipo pagululo pali amayi atatu. Ndilembereni ku inbox ndikuuzeni pokumana. Muvale nsapato zogwira bwino, mutenge botolo la madzi.